Nyemba za pansi pa dramu: mmene tsamba lanthete limadzipangira kubiriwira

Mvula yoyamba itagwa kumapeto kwa Novembala, azakhali anga a ku Mtendere anati tisunthe dramu lamadzi limene linakhala kuseri kwa nyumba chilimwe chonse. Pansi pake, cham'mphepete momwe munkalowa chinyezi, tinapeza nyemba zingapo zitamera, zija zimagwa posankha ndiwo. Zinali zazitali, zoonda ngati ulusi, mitu itaweramira pansi, timasamba take tili tachikasu choyezuka. Azakhaliwo sanadabwe n'komwe. Anangoti, "Zisiyeni, zikaona dzuwa zitsitsimuka." Pofika mawa lake madzulo zinali zitayamba kubiriwira.

Mwana wa mlongo wanga, amene ali Giredi 11, ndiye sanafune kuti nkhaniyo ithere pomwepo. "Amalume, buku lathu limangoti chlorophyll amafuna kuwala. Nanga kuwalako kumachita chiyani kwenikweni? Kumapenta tsamba?" Funso limeneli ndi labwino kuposa yankho la m'bukumo. Nyemba zija zinali ndi zipangizo zonse zopangira mtundu wobiriwira, koma zinadzigwira dala. Chomera chikakhala mumdima chimayenda pafupifupi ulendo wonse wopanga chlorophyll, n'kuima patatsala pang'ono kuti chifike, kenako n'kutseka mpope kumene ulendowo umayambira. Chimatero chifukwa zinthu za pakati pa ulendowu, zimene sizinakhalebe chlorophyll wathunthu, zili ngati palafini pafupi ndi mbaula. Zikachuluka m'tsamba n'kuombedwa ndi dzuwa, tsambalo limapsa.

Chlorophyll ndi molekyu yooneka ngati mphete yaphwatalala yokhala ndi mchira. Mphete yaikuluyo ndi timphete 4 tolumikizana, kalikonse kali ndi atomu imodzi ya nayitrojeni yoloza pakati, ndipo pakatipo pakhala atomu imodzi ya magnesium, ngati mphika pamafuwa, kungoti mafuwa ake ndi 4. Anaitcha dzinali mu 1817 ndi akatswiri awiri a mankhwala a ku France, Pelletier ndi Caventou, omwe aja anadzatulutsanso kwinini m'makungwa a mtengo wa cinchona mu 1820. Richard Willstätter wa ku Germany ndiye anasonyeza kuti pakati pake pali magnesium, ndipo anamupatsa mphoto ya Nobel mu 1915. Tsono mukachotsa magnesium uja n'kuikapo ayironi, n'kusinthako pang'ono za m'mbali, mumapeza heme, chimene chimafiiritsa magazi. Kubiriwira kwa chibwabwa ndi kufiira kwa magazi a nkhuku ndi ana a mimba imodzi. Anatsimikizira ubalewu mu 1948 ndi Sam Granick wa ku Rockefeller Institute ku New York. Iye anali ndi ndere yotchedwa Chlorella imene inkalephera kubiriwira, ndipo atayang'ana chimene chinkaunjikana m'kati mwake anapeza protoporphyrin IX, mphete yomweyo imene thupi lathu limaikamo ayironi.

Ntchito yonse yopanga chlorophyll imachitikira m'kachipinda kamodzi ka m'selo, kotchedwa chloroplast. Kunsonga komwe chomera chimakulira, maselo obadwa kumene sakhala ndi ma chloroplast. Amakhala ndi timatumba topanda mtundu, 10 kapena 20 m'selo limodzi, totchedwa proplastid. Kathumba kotereka kakakhala mu mbatata ya pansi pa nthaka kamasanduka nkhokwe yosungiramo ufa, mu tomato wakupsa kamadzaza mtundu wofiira, ndipo m'tsamba loona dzuwa kamakula n'kukhala chloroplast. Amene ali ndi chimanga chofika m'mawondo angathe kudzionera okha. Sololani tsamba lapakati, lija likali lopindana. Kutsinde kwake ndi koyera ndiponso kofewa, kukwera pang'ono ndi kwachikasu, kenako kobiriwirako, mpaka kunsonga kobiriwira bii. Tsamba la chimanga limakulira kutsinde, choncho maselo a kunsonga ndiwo achikulire, a kutsinde ndi makanda. Tsamba limodzi lomwelo lili ngati mzere wa ana asukulu kuyambira Giredi 1 mpaka 12, ndipo asayansi amaliduladula m'zigawo kuti aone chimene chloroplast amachita pa msinkhu uliwonse.

Njerwa yoyamba ya mphete ija ndi kamolekyu ka maatomu 5 a kaboni kotchedwa 5-aminolevulinic acid, mwachidule ALA. Mphete imodzi imafuna ALA 8. Mmene thupi la nyama limamupangira zinadziwika msanga, ndipo anazidziwitsa ndi munthu wolimba mtima. Mu 1945, David Shemin wa ku Columbia University anameza yekha magalamu 66 a glycine, imodzi mwa njerwa zomangira mapuloteni zotchedwa amino acid, woikidwa nayitrojeni wolemera amene makina amatha kumulondola, kenako n'kumadzitenga magazi kwa miyezi. Nayitrojeni uja anakapezeka mu heme. Panjira pomwepo anazindikiranso kuti selo lofiira la magazi limakhala moyo pafupifupi miyezi 4. Kenako zinadziwika kuti enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito ya m'selo) imodzi yokha, ALA synthase, imalumikiza glycine ndi kamolekyu kena kotchedwa succinyl-CoA n'kutulutsa ALA. Popeza heme ndi chlorophyll ndi pachibale, aliyense anangoganiza kuti zomera nazo zimadzera njira yomweyo. Anthu anatha zaka pafupifupi 20 akusakasaka enzyme imeneyi m'masamba, osaipeza bwinobwino, n'kumadzudzula zipangizo zawo.

Amene anasintha funso ndi Samuel Beale ndi Paul Castelfranco a ku University of California ku Davis. Vuto linali lakuti ALA sakhalitsa m'tsamba, akangopangidwa nthawi yomweyo watengedwa. Iwo anathira levulinic acid, mankhwala ofanana ndi ALA amene amapusitsa enzyme yotsatira n'kuitseka pakamwa, kotero kuti ALA anayamba kudikha ngati madzi pamene mwatchinga ngalande. Kenako anadyetsa timasamba ta nkhaka, nyemba ndi balere, tomera mumdima ndipo tongoyamba kubiriwira, zakudya zosiyanasiyana zokhala ndi kaboni wolondoleka. Zotsatira zake, zimene anafalitsa mu 1974, zinali zakuti glycine sankalowa kwenikweni mu ALA. Amene ankalowa kwambiri anali amino acid wina, glutamate, ndi abale ake. Chaka chotsatira, Beale pamodzi ndi Simon Gough ndi Granick uja anasonyeza kuti msana wonse wa glutamate, maatomu 5 a kaboni, umalowa wathunthu osathyoledwa. Glutamate ameneyu si mlendo kukhitchini, ndi yemwe uja amakometsa timabuloko ta supu timene timathira m'ndiwo.

Chodabwitsa chachikulu chinali chikali m'tsogolo. Ku Copenhagen kuli Carlsberg Laboratory, malo ofufuzira amene anakhazikitsidwa mu 1875 ndi mwini fakitale ya mowa, n'chifukwa chake kumeneko balere amamudziwa ngati mwana wawo. Ngakhale pH amene alangizi amatiuza poyeza dothi anayambira konko mu 1909. Gamini Kannangara ndi Gough uja ankaphwanya ma chloroplast anthete a balere n'kumalekanitsa zam'kati mwake kuti apeze chilichonse chofunika posandutsa glutamate kukhala ALA. Chigawo china chinakana kukhala puloteni. Akathiramo enzyme yodula RNA, mbale wake wa DNA, ntchito yonse inkaima. Mu 1986, mogwirizana ndi gulu la Dieter Söll wa ku Yale, anatulukira kuti RNA imeneyo ndi tRNA wamba ya glutamate.

Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa kwa ine apa ndiye pokoma pa nkhani yonse. Ntchito yodziwika ya tRNA ndi umtengatenga. Selo likamaluka puloteni, tRNA iliyonse imanyamula amino acid wake n'kukamutula pamalo olukirapo, monga anyamata a mawilibala a pa Soweto Market amatulira katundu pamene auzidwa. Palibe amene ankayembekeza kukumana ndi wilibala yomweyo panjira yopita ku chlorophyll. Koma mu chloroplast zimayenda chonchi. Enzyme yoyamba imakweza glutamate pa tRNA, n'kulipira ndi ATP, ndalama ya mphamvu ya m'selo. Wokwerayo akanatha kupita kokaluka puloteni, ndipo ambiri amapitadi kumeneko. Ena amawapatutsa ndi enzyme yachiwiri, glutamyl-tRNA reductase, imene imam'tsitsa glutamate pawilibala atasinthidwa kale mbali imodzi, ndipo wilibalayo imabwerera yopanda kanthu kukatenga wina. Enzyme yachitatu, mothandizidwa ndi vitamini B6, imasamutsa nayitrojeni kuchoka pa kaboni wina kupita pa woyandikana naye. ALA wabadwa. Chifukwa chokwezera glutamate pa tRNA poyamba n'chakuti mbali imene ikufunika kusinthidwayo ndi youma mutu, siigonja pokhapokha itamangiriridwa ku chinthu china. Ndipo popeza chloroplast wanthete amafunika kupanga mapuloteni ndi chlorophyll nthawi imodzi, zonse ziwiri zimatunga pachitsime chimodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani chomera chili ndi njira yake, ife yathu? Yankho lili m'mbiri ya makolo. Chloroplast anali bakiteriya wodziimira payekha, wa mtundu wa cyanobacteria, amene anamezedwa ndi selo lina zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo n'kukhazikika momwemo. Konstantin Mereschkowsky ananena zimenezi mu 1905, anthu osamumvera, mpaka Lynn Margulis anadzazidzutsanso mu 1967. Mabakiteriya ochuluka amapanga ALA kuchokera ku glutamate, ndipo mkamwini ameneyu anabwera ndi luso la kwawo. Njira ya glycine tinaitengera kwa mlendo wina, kholo la mitochondria, tizipinda ta m'selo totulutsa mphamvu. Mpaka lero chloroplast ali ndi DNA yakeyake, ya majini 100 ndi ena pang'ono. Majini ake ndi a chibadwa, osati aja amatulutsa asing'anga. tRNA ya glutamate imalembedwa m'menemo, pomwe ma enzyme a ulendowu amalembedwa mu nucleus, likulu la selo, amapangidwira kunja, n'kulowetsedwa pachipata cha chloroplast. Nyumba ziwirizi zimayenera kumvana, ndipo chloroplast akavulala uthenga umabwerera ku nucleus kuti asiye kutumiza katundu. Gulu la Joanne Chory ku Salk Institute linapeza mu 1993 zomera zimene uthengawu sufika, ndipo zingapo mwa izo zinadzapezeka kuti chilema chake chili pa ma enzyme omwewa a njira ya heme ndi chlorophyll.

Glutamate naye ali ndi kochokera, ndipo apa nkhani yafika pathumba la feteleza. Urea amene timathira chimanga chikafika m'mawondo ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 alionse. M'dothi amasanduka ammonium kenako nitrate, mizu imamwa, ndipo m'kati mwa chloroplast nayitrojeniyo amamangiriridwa ku kaboni n'kukhala glutamine, kenako glutamate. Maatomu 4 a nayitrojeni a pakati pa chlorophyll anadzera mmenemu. Komabe tisanamizane kuti feteleza yense amathera mu mtundu wobiriwira. Gawo lopita ku chlorophyll ndi laling'ono kwambiri. Wochuluka amapita ku mapuloteni a mu chloroplast, makamaka Rubisco, amene amagwira mpweya wa carbon dioxide. Kubiriwira kumangotiuza kuti m'nyumbamo muli chakudya.

Kuchokera pa ALA ulendo umathamanga, ndipo ndi umodzimodzi mwa ife ndi mwa bondwe. ALA awiri amalumikizidwa kukhala kamphete kamodzi, porphobilinogen. Timphete 4 timalumikizidwa mumzere, mzerewo umapindidwa n'kutsekedwa, kamphete komaliza katatembenuzidwa. Kenako ma enzyme ena amasadza za m'mbali. Enzyme ija yolumikiza ALA awiri anthu a ku Kabwe ali ndi chifukwa choidziwira. M'thupi la munthu imagwira ntchito ndi zinki, ndipo mtovu ukalowa m'magazi umalanda malo a zinkiyo. Heme amachepa, mwana amasowa magazi, ALA amaunjikana mpaka kumatuluka mumkodzo. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'makomboni oyandikana nawo. Enzyme yomweyi ya m'zomera imadalira magnesium m'malo mwa zinki.

Mpaka pano mphete ija ilibe mtundu ndipo ilibe vuto ndi dzuwa. Zinthu zimasintha enzyme yotchedwa protoporphyrinogen oxidase ikachotsapo maatomu 6 a haidrojeni. Pamenepo pamatuluka protoporphyrin IX, wofiirira, yemwe amapatsa mtundu chikamba cha dzira lofiirira la m'matireyi. Kuyambira apa mphete imamwa kuwala. Mu chloroplast wokhwima zimenezo n'zabwino, chifukwa chlorophyll aliyense amakhala atagwiridwa ndi puloteni, mnzake womulandira mphamvu ali pafupi, ndipo pambali pali ma carotenoid achikasu ozimitsa yotsala. Mphete yoyenda yokha ilibe woipatsira. Imapatsira okosijeni amene ali pafupi, ndipo okosijeniyo amalusa. Asayansi amamutcha singlet oxygen. Amang'amba mafuta a m'zikopa za selo, madzi amatayika, tsamba limauma. Walira mvula walira matope: molekyu yodziwa kugwira dzuwa ndi yomweyonso yodziwa kuotcha.

Alimi a soya a ku Chongwe ndi Chisamba amagula ngozi imeneyi m'botolo. Mankhwala opha udzu monga fomesafen amatseka enzyme yomwe ija. Mphete zosamalizidwa zimasefukira kunja kwa chloroplast, kumeneko zimasanduka protoporphyrin IX popanda woziyang'anira, ndipo dzuwa likawala udzu wa masamba aakulu umapsa m'masiku ochepa. Soya amatha kuphwanya mankhwalawo msanga, n'chifukwa chake amangochita timadontho tofiirira pamasamba kenako n'kuchira. Chimene chimapha udzuwo ndi katundu wake womwe, mankhwala amangotsegula khola. Anthu nawo zimawagwera. Ku South Africa kuli mabanja ambiri a matenda otchedwa variegate porphyria, ochokera ku banja limodzi limene linakwatirana ku Cape mu 1688. Enzyme yofooka mwa iwo ndi yomweyi, ndipo khungu loomba dzuwa limachita matuza.

Pa protoporphyrin IX njira imagawikana. Akalowa ayironi, wapangidwa heme, ndipo chomera nacho chimamufuna popuma. Dulani kachotupa ka pamuzu wa soya kapena nshawa, mukaona m'kati muli mofiirira ngati nyama, ameneyo ndi heme. Akalowa magnesium, ulendo waloza ku chlorophyll. Kuika ayironi n'kosavuta, enzyme imodzi imachita popanda kulipira ATP. Kuika magnesium ndi ntchito ya thukuta. Magnesium amakakamira mamolekyu a madzi omuzungulira, ndipo kuti awasiye n'kukhala pamafuwa paja pamafunika makina a zigawo zitatu otchedwa magnesium chelatase. Amene anayeza anapeza kuti atomu imodzi imadya ATP pafupifupi 15. Masana, ATP ndi magnesium zikachuluka mu chloroplast, makinawa amathamanga ndipo mphete zambiri zimakhotera kobiriwira. Usiku amazizira. Mmera umene sunayambe kudzipangira chakudya umalipira zonsezi ndi ufa kapena mafuta a mumbewu, n'chifukwa chake mbewu yokwiriridwa mozama imatha kufera panjira.

Chimene chimalowa movutikira choterechi chimatuluka mosavuta mumphika. Repu akaphikidwa nthawi yaitali, makamaka ndi tomato, asidi amakankha magnesium uja ndipo ndiwo zimasanduka zotuwa ngati yunifolomu ya asilikali. Agogo athu pothira chidulo m'delele kapena soda m'chibwabwa ankafuna kufewetsa, koma ankatetezanso magnesium kuti asachoke, ndiwo n'kutsala zobiriwira. Kuipa kwake soda amawononga mavitamini ena, ndiye asachuluke.

Magnesium atakhazikika, enzyme ina imamanga kamphete kachisanu m'mbali mwa mphete yaikulu, ndipo ndi kameneka kamene kamasiyanitsa banja la chlorophyll ndi la heme. Enzyme imeneyi singagwire ntchito popanda ayironi ndi okosijeni. Ndiye ngakhale mu chlorophyll mulibe ayironi ngakhale atomu imodzi, chomera chosowa ayironi chimachita chikasu. Kuno zimaoneka. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamwala wa laimu ndi dolomite, umboni wake ndi zoyera zija zimakakamira m'ketulo ya madzi a pachitsime chobowola. Dothi likakhala ndi laimu wambiri, kapena mtengo ukabzalidwa pamene panatayidwa zotsala za simenti, ayironi amakhalamo koma mizu imalephera kumutenga. Mandimu a pabwalo amatulutsa masamba atsopano achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira. Kumpoto, ku Luapula, Northern ndi Copperbelt, kumene mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, vuto limatembenuka: dothi ndi la asidi ndipo magnesium amakokoloka. Pamenepo amayamba kuchita mizere yachikasu ndi masamba akale a m'munsi, chifukwa chomera chimasamutsa magnesium kupita naye kwa ana, chimene sichingathe kuchita ndi ayironi. D compound wathu wa 10:20:10 sathetsa zimenezi, amathetsa ndi laimu wa dolomite. Nayitrojeni akasowa, chikasu chimayambiranso m'munsi koma chimatsata msana wa tsamba kuchokera kunsonga. Maso amanamiza, poti matenda a mizere a chimanga nawo amalemba tsamba, choncho wokayika atengere dothi lake ku malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu ku Chilanga akaliyeze.

Tsopano tabwerera pansi pa dramu. Kamphete kachisanu kakatsekedwa, chimene chilipo ndi protochlorophyllide, ndipo pa zomera zamaluwa zonse, chimanga, nyemba, repu, ulendo wa mumdima umathera pomwepa. Enzyme yotsatira, imene amaitcha POR, ndi imodzi mwa ma enzyme ochepa kwambiri padziko amene amayendera kuwala. Imagwira protochlorophyllide dzanja lina, dzanja linalo NADPH, kamolekyu konyamula haidrojeni, n'kudikira. Proplastid ya m'tsamba lomera mumdima imakula n'kukhala etioplast, ndipo m'kati mwake timachubu ta mafuta timalukana mwadongosolo ngati zisa za njuchi, titadzaza POR wonyamula kale katundu wake. Chikasu chimene tinaona pa nyemba zija ndi ma carotenoid, ozimitsa moto amene amafika ngozi isanachitike. Kuwala kukangofika, amakumwa ndi protochlorophyllide mwini wake, ndipo mphamvu yomwe ikanaotcha selo imagwiritsidwa ntchito kumuwonjezera maatomu awiri a haidrojeni. Kuphethira kumodzi kwa kuwala n'kokwanira kusandutsa amene anali m'manja mwa POR kukhala chlorophyllide, wobiriwira.

Chinsinsi chili pa kuchuluka. Chomera chimapanga protochlorophyllide wongokwana manja a POR amene alipo, chifukwa wogwiridwa ndi wotetezeka, wotsala panja ndi makala amoto. Granick anayesa kudyetsa ALA masamba omera mumdima, ndipo anaunjika protochlorophyllide wochuluka zedi. Izi zinasonyeza kuti ma enzyme onse apakati amakhala ali chire, ndipo mpope uli pa kupangidwa kwa ALA. Masamba odyetsedwa chotero akawatulutsa padzuwa amayera n'kufa. Dzanja lotseka mpopewo linadziwika mu 2001 ku ETH Zürich, m'gulu la Klaus Apel. Iwo anapeza mmera wa Arabidopsis, kachomera ka banja la repu, umene ukamera mumdima n'kuunikidwa ndi kuwala kwa buluu umanyezimira mofiira, chizindikiro cha protochlorophyllide wosefukira. Puloteni yosowa mwa iwo anaitcha FLU. Ntchito yake ndi yakuti manja a POR akadzaza, iyo imakagwira glutamyl-tRNA reductase, enzyme ija yopatutsa mawilibala, n'kuiimitsa. Chomera chopanda FLU chikamakula m'kuwala kosazima chimakhala bwinobwino mpaka kubereka. Chikangolawa usiku, m'mawa mwake chimapsa. Balere wa chilema chomwechi, wotchedwa tigrina, amamera ndi mizere yopingasa yoyera ndi yobiriwira ngati mbidzi: chigawo chimene chinakula usiku chimapsa kukacha, cha masana chimapulumuka. Heme naye akachuluka amabweza mawu ku enzyme yomweyo kuti ichepetse. Nthambi zonse ziwiri zimadandaula pakhomo limodzi.

Ndiye kuwala kuli ndi ntchito ziwiri, ndinamuuza mphwanga uja. Yoyamba ndi ija ya POR. Manja akapepuka, FLU amasiya, ALA amayambanso kutuluka. Yachiwiri imadzera mwa mlonda wotchedwa phytochrome, puloteni imene imamva kuwala kofiira n'kulowa mu nucleus kukachotsa mapuloteni amene amapondereza majini a kubiriwira mumdima. Diso la mlondayu nalonso ndi mphete ya heme yodulidwa n'kutambasulidwa, yopangidwa mu proplastid momwemo kuchokera ku ALA. Uthenga wa phytochrome ndi umene umawongola khosi la nyemba, kutambasula masamba ndi kuletsa tsinde kumangotalika. Zimatenga maola angapo kuti ma enzyme atsopano apangidwe n'kufika, choncho poyamba maso saona kusintha kulikonse, kenako kubiriwira kumabwera mothamanga. Chlorophyllide amamangiriridwa mchira wa maatomu 20 a kaboni wotchedwa phytol, umene umamuzika m'zikopa za mafuta. Wina amasinthidwa pang'ono kukhala chlorophyll b. Zisa za njuchi zija zimasungunuka n'kuyalidwa kukhala timatumba taphwatalala tosanjikizana ngati mbale. Mapuloteni ogwira chlorophyll akafika n'kupeza palibe womugwira amaphwanyidwa, ndipo chlorophyll sapangidwa wopitirira manja omulandira.

Si zomera zonse zimene zimadikira dzuwa. Njere ya paini, mitengo ija yadzaza m'minda ya matabwa ku Copperbelt, ikamera mumdima imatuluka yobiriwira ndithu, chifukwa ili ndi enzyme ina yakale imene imachita ntchito ya POR polipira ATP. Ndere zambiri ndi cyanobacteria nazo zili nayo. Zomera zamaluwa zinaitaya. Ndipo si tsamba lokha limene limamva kuitana kwa kuwala. Mbatatesi zikakhalitsa padzuwa pamsika, nkhokwe zija za ufa za pansi pa khungu zimayamba kusanduka ma chloroplast. Kubiriwirako pakokha sikupweteka munthu, koma kuwala komweko kumachulukitsanso solanine, poizoni wowawa, choncho mbali yobiriwirayo muzisenda mozama kapena kuitaya.

Kudikira mumdima kuli ndi malire ake. Mmera ukakhalitsa osaona kuwala, chakudya cha mumbewu chimatha, ndipo ukadzatulukira mwadzidzidzi padzuwa la masana umavutika kubiriwira, ena amapserera. Odziwa nazale ya repu ndi kabichi amachotsa udzu wophimbira mbewu zikangoyamba kusuzumira, ndipo mthunzi amauchepetsa pang'onopang'ono. Mwa nyemba 7 za pansi pa dramu zija, ziwiri zazitali kwambiri, zimene ziyenera kuti zinayamba kumera, zinagwa n'kuuma tsiku lachitatu. Zisanu zotsalazo azakhali anazizikira timitengo, ndipo mphwanga uja wabzala zina m'zitini ziwiri, china pawindo, china m'kabati ya mbale, akuti akufuna awerenge yekha maola.